Miyezi 9 chichitireni opaleshoni ya phapo ya loboti

Phapo langa lakumanja linaphwa kawiri m'chaka chimodzi. Ulendo woyamba anangondilowetsa kapaipi pakati pa nthiti kuti mpweya womwe unatsekeredwa utuluke. Litaphwanso, adokotala kuno ku England anati ndi timatuza takumtunda kwa phapo timene tikuphulika. Matendawa amawatchula pneumothorax, ndipo amakonda kugwira amuna aatali ndi oonda ngati ine, makamaka osuta fodya.

Amayi ku Dedza atamva kuti andipanga opaleshoni ndi loboti, tulo sanatione. Ndinawafotokozera kuti lobotiyo, yotchedwa da Vinci, siichita kanthu payokha. Adokotala amakhala pampando m'chipinda chomwecho, maso ali pa chithunzi cha m'kati mwa chifuwa, ndipo zala zawo ndizo zimayendetsa timikono ta makinawo. Anadula timatuza tija, kenako anachotsa kachikopa kakuta nthiti m'kati kuti phapo limamatire kuchifuwa, mpweya usapezenso pokhala.

Zipsera n'zinayi, zing'onozing'ono, ndipo pano zayamba kuzimiririka. Pamenepo sindidandaula. Chomwe sindinachiyembekezere ndi dzanzi. Pansi pa bere mpaka kukhwapa panali ngati si thupi langa, nthawi zina pamabaya ngati singano, ngakhale malaya okha akakhudza. Akuti mitsempha yodutsa pansi pa nthiti imapanikizika zipangizo zikamalowa, ndipo imachira mochedwa. Izi anazitchula mongodutsa tsiku losayina mapepala, pomwe ine ndikanakonda atandikhazika pansi n'kundiuza bwinobwino. Miyezi inayi yoyamba sindinkagonera mbali imeneyo. Kuntchito, komwe timasamalira okalamba, kudzutsa munthu pabedi kunkandipweteka. Lero dzanzilo latsala kachigawo kofanana ndi chikhatho, kukazizira ndiye limadzikumbutsa.

Koma phapo lagwira. Eksireyi yomaliza inaonetsa kuti ladzaza malo ake onse. Fodya ndinasiyiratu.

Chimene chinkandiopsa kwambiri ndi ndege, chifukwa m'mwamba mpweya wotsekeredwa m'chifuwa umafufuma. Adokotala atandilola, mwezi watha ndinakwera. Njira yonse mpaka Addis Ababa dzanja linali pachifuwa, ndikumvetsera kupuma kwanga. Titatera ku Lilongwe, amayi anandikweza malaya pabwalo la ndege pomwepo, anthu akuona, n'kuyamba kuwerenga zipsera ndi chala.