Zulu kapena Zulu Dawn, muyambe ndi iti?

Mafilimu awiriwa amakamba za nkhondo imodzi yomweyo ya 1879 pomwe Angerezi analowa m'dziko la Cetshwayo, mfumu ya Azulu ku South Africa, koma mmene amakusiyira mumtima ndiye nkosiyana kwambiri.

Zulu ya 1964, ija muli Michael Caine ndi Stanley Baker, ndi ya ku Rorke's Drift komwe asilikali achingerezi pafupifupi 150 analimbana usiku wonse ndi ankhondo achizulu masauzande. Kajambulidwe kake nkabwino zedi, nyimbo za ankhondo zija ukamva thupi limachita tsembwe, ndipo amene anasewera ngati Cetshwayo ndi Mangosuthu Buthelezi, amene pambuyo pake anadzakhala wandale wotchuka wachizulu. Koma chimene chimandiwawa ine nchoti kamera imangokhala mkati mwa mpanda basi, azungu umawadziwa mayina mpaka mantha awo pomwe Azulu angokhala chikhamu chobwera kudzagwa, ndiye mosazindikira umapezeka ukuchemerera anthu amene anabwera kudzalanda dziko la eni ake.

Zulu Dawn ya 1979 ndi ya ku Isandlwana, tsiku lomwelo la 22 Januwale, komwe Azulu anaphwasula msasa wonse n'kupha anthu opitirira 1,300 a mbali ya Angerezi. Imayamba mozizira, ena amafika potopa nayo, koma imaonetsa zimene inzakeyo inadumpha, Bartle Frere, mkulu woimira boma la Angerezi kumeneko, akulamula zinthu zoti Cetshwayo sakanavomera pofuna chifukwa choyambira nkhondo, komanso matama a Lord Chelmsford, mkulu wa asilikali achingerezi, amene anagawa asilikali ake pawiri chifukwa choderera Azulu.

Ine ndingati yambani ndi Zulu Dawn, popeza ya ku Isandlwana inachitika masana, ya ku Rorke's Drift inayamba madzulo ake.