Ndalama za sukulu ya mdzukulu: kubanki, ku banki mkhonde, m'masheya kapena papoloti?

Mdzukulu amene ali sitandade 2 lero adzagogoda pakhomo la koleji patapita zaka khumi kapena kuposerapo. Ndalama imene timuikire pambali chaka chino idzagona zaka zonsezo, ndipo pamene yagonapo ndi pamene padzanene ngati idzalipire zaka zinayi za ku yunivesite ya MUBAS kapena idzathere pa sutikesi ndi zofunda. Agogo anzanga a muno mu Blantyre, njira zimene tili nazo ndaziyeza ndi mafunso atatu. Kodi ndalamayo ikukula msanga kuposa mitengo ya zinthu? Kodi dzanja langa lingaifikire mosavuta pakagwa maliro? Nanga ine ndikatsogola, idzafikadi kwa mwanayo?

Funso loyambalo ndi limene latilanga kwambiri. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene anali ndi K1 miliyoni kubanki anagona ili yokwana madola pafupifupi 850, n'kudzuka ili pansi pa madola 600, osachotsako ngakhale tambala. Chaka chomwecho cha 2023 mayunivesite ambiri a boma anakweza fizi kufika pa K650,000 pachaka. Mu 2024 mitengo inkakwera ndi kuposa 30 peresenti pachaka, ndipo pa liwiro limenelo chinthu cha K10,000 chimadutsa K20,000 zaka zitatu zisanathe.

N'chifukwa chake akaunti wamba ya kubanki, ngakhale ija ya ana yokhala ndi dzina lokoma, sindiiwerengera ngati mosungiramo ndalama ya zaka khumi. Chiwongoladzanja chake n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, ndipo foni ili m'manja: kungodina pang'ono, ndalama ya mdzukulu yalowa ku Airtel Money kapena ku Mpamba kukagula mankhwala. Fikisidi ndi yabwinoko poti imakhala yotsekeredwa mpaka tsiku lake. Kubwereketsa boma kudzera mu ma Treasury Bill, a masiku 91, 182 kapena 364, kumapatsa kuposa pamenepo, ndipo mumagula kudzera kubanki kwanu komweko. Koma onani, mu 2024 ya masiku 364 inkapereka 26 peresenti pamene mitengo inkathamanga kuposa 30, ndiye pa chiwongoladzanjacho amadulaponso msonkho. Njira zimenezi zimachepetsa kutayika, sizikulitsa chuma. Zimayenera mdzukulu amene ali kale folomu 3 kapena 4, amene ndalama yake ikufunika posachedwa ndipo siyenera kuseweretsedwa.

Banki mkhonde ndimaikonda, ndipo ndikudziwa chifukwa chake amayi ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni saisiya. Loweruka masana mwakhala pamphasa, bokosi lili pakati ndi maloko ake atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Mlembi akuitana dzina, mwini wake akuponya masheya ake m'mbale onse akuona, wochedwa akulipira chindapusa asanakhale pansi. Palibe banki imene ingaphunzitse munthu kusunga sabata ndi sabata ngati maso a anzake. Phindu nalonso limaoneka, poti chiwongoladzanja cha ngongole chimabwerera kwa eni ake. Vuto lake pa nkhani ya sukulu ndi limodzi lalikulu: gulu limagawana pakutha pa chaka, ndipo magulu ambiri amagawana mu Disembala, feteleza wa kumudzi ndi Khirisimasi zikudikira pakhomo. Ndalama imene mumati ndi ya mdzukulu imatuluka m'bokosi pa nthawi imene m'nyumba muli njala ya ndalama. Onjezanipo kuti membala mmodzi akathawa ndi ngongole, mulibe kolowera kupatula kwa amfumu kapena kupolisi. Choncho banki mkhonde ndi yosonkhetsera, ndipo tsiku logawana lomwelo gawo la mwana lisamukire kwina lisanagone m'nyumba.

SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la mamembala okhaokha, ili pakati pa banki ndi banki mkhonde. Imayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ma SACCO ambiri ali pansi pa mgwirizano wawo wa MUSCCO umene wakhalapo kuyambira 1980, ndipo masheya ake satuluka mwachisawawa. Ubwino wake weniweni ndi ngongole: fizi ikafunika mwadzidzidzi mumakongola potengera zimene mwasunga, osapita kwa a katapila. Koma kukula kwa ndalama kumeneko n'kwapang'onopang'ono.

Tsopano masheya a makampani, kutanthauza tizigawo ta umwini wa kampani, amene ambiri a msinkhu wathu timawaona ngati za mabwana. Msika wake, Malawi Stock Exchange, uli muno mu Blantyre momwe, ndipo unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO. Makampani ake si ambiri, anali 16 mu 2024, ndipo ndi omwe timawapatsa ndalama tsiku ndi tsiku: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Airtel, TNM, Illovo, Press Corporation. Shuga akakwera mtengo ndife timalira pagolosale, koma mwini sheya ya kampani ya shugayo amakhala mbali inayo ya kauntala. Ichi n'chimene chimachititsa kuti masheya a kampani yoyenda bwino azitha kulimbana ndi kugwa kwa kwacha. Mu 2020 Airtel inagulitsa sheya imodzi K12.69 ndipo FDH Bank inagulitsa K10. Pofika kumapeto kwa 2024 ya FDH inali itadutsa K100, osawerengera phindu limene ankagawa chaka ndi chaka. Palibe fikisidi imene inayandikirako.

Kugula kwake si kovuta. Mumapita kwa broker, kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, ndi chiphaso cha unzika ndi nambala ya akaunti yanu ya kubanki, amakutsegulirani akaunti ya masheya, ndipo mumagula malinga ndi thumba lanu. Phindu likabwera, muligulirenso masheya ena. Koma ndinene mosabisa: mtengo umatsikanso, kampani ina imatha zaka osagawa kanthu, ndipo poti msika wathu ndi waung'ono, pali masheya ena amene mukafuna kugulitsa mumadikira wogula. Zimene zinachitika pakati pa 2020 ndi 2024 si lonjezo la zaka zikubwerazi. Musaike zonse pa kampani imodzi, ndipo musaikemo ndalama ya fizi ya chaka chamawa. Amene sakufuna kusankha yekha makampani angalowe mu unit trust, monga ya Old Mutual, kumene ndalama za anthu ambiri zimaphatikizidwa n'kuyendetsedwa ndi akatswiri. Iwo amadulapo yawo, koma inu mumagona tulo.

Polise ya maphunziro ya ku inshulansi ili ndi chinthu chimodzi chimene njira zonse ndatchulazi zilibe: imaganizira za imfa ya wolipira. Musanasaine, funsani ndipo akuonetseni polembedwa. Ndikamwalira polise isanakhwime, mwana adzalandira chiyani? Ndikalephera kulipira miyezi ingapo, zanga zimatha? Ndikafuna kusiya pakati, ndibwezeredwa zingati? Kodi pa msinkhu wanga mukundilola? Chofooka chake n'chakuti ndalama imene amakulonjezani ndi ya kwacha. Chiwerengero chooneka chachikulu papepala lero chingadzakhale cha semesita imodzi mu 2036. Ngati polise ikulola kukweza zopereka chaka ndi chaka, kwezani.

Poloti ndi imene mitima yathu imakhulupirira, ndipo sikulakwa. Malo a ku Chileka, Lunzu, Mpemba kapena Chigumula sagwetsedwa ndi chilengezo cha pawailesi, ndipo sungawadye pang'onopang'ono ngati ndalama ya pafoni. Amene anamanga tizipinda ta lendi kufupi ndi Chichiri, ku Chitawira kapena ku Zingwangwa, kumene ana a sukulu amasaka pogona, lendi yawo imakwera pamodzi ndi mitengo, ndipo imabwera mwezi ndi mwezi monga momwe mwana wa kukoleji amafunira ndalama ya chakudya. Pamenepa nyumba imaposa poloti yopanda kanthu, chifukwa poloti suidula ngodya kuti ulipire semesita. Umagulitsa yonse, ndipo wogula akanunkhiza kuti fizi yakupanikiza amakugwetsa mtengo.

Zoopsa zake n'zodziwika. Poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo mumzinda muno, choncho kalata ya amfumu yokha isakukwanireni. Funsani oyandikana nawo, tsatirani mapepala ku khonsolo kapena ku ofesi ya malo. Yang'ananinso pamene malowo ali. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Malo otchipa a m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje si oyenera kuikapo tsogolo la mwana. Ndipo pa katundu yense amene munthu amasiya, nyumba ndi imene abale amayamba kuilozera chala. Za mbuzi zoweta kumudzi sindinena zambiri: zimaswana bwino, koma woweta, wakuba, matenda ndi maliro a pamudzi onse amadyako.

Palinso kusiyana kwa kumene mwanayo adzapite. Wa ku yunivesite amafunika fizi, pogona, chakudya ndi laputopu kwa zaka zinayi, wa udokotala ku KUHeS kuposa pamenepo. Bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limathandiza, koma si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole yodzabweza. Wa ntchito zamanja, kaya ku Soche Technical ku Limbe, kaya ku Nasawa ku Zomba, makamaka akalowa kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, fizi yake imapepukirapo. Ndalama yake yaikulu imadza pomaliza: makina owotcherera zitsulo, bokosi la masipanala, zida za magetsi kapena za ukalipentala. Zonsezi zimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Zimandipweteka kuona mnyamata wa satifiketi yake akugwira ganyu pa shedi ya mnzake chifukwa chosowa zida. Ngati mdzukulu waonetsa kale kuti mutu wake uli kumeneko, kumugulira zida zolimba chimodzichimodzi akadali pasukulu n'kusunga ndithu.

Kusankha kwanga ndi uku. Kwa mdzukulu wa ku pulayimale, banki mkhonde kapena SACCO isonkhetse, ndipo zosonkhedwazo zilowe m'masheya a makampani atatu kapena anayi, kapena mu unit trust. Amene walandira penshoni yambiri nthawi imodzi ndipo ali ndi mphamvu zoyang'anira omanga, kanyumba ka lendi pamalo a mapepala abwino n'koyenera. Mwana akafika folomu 3, yambani kugulitsako masheya pang'onopang'ono n'kuika ya zaka ziwiri zoyambirira mu fikisidi kapena Treasury Bill.

Funso lachitatu lija, loti ndalama idzafikadi kwa mwanayo, limayankhidwa ndi pepala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, koma mukamwalira opanda wilo limayamba kuganizira mkazi kapena mwamuna wanu, ana anu, makolo ndi amene ankadalira inu. Mdzukulu amene akuleredwa ndi makolo ake angathe kutsala kunja, ngakhale mudzi wonse unkadziwa kuti masheyawo ndi ake. Lembani wilo, musaine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu, mutchulemo dzina lonse la mwanayo, katunduyo, ndi munthu amene adzamuyang'anire kufikira sukulu itatha. Ku SACCO ndi ku inshulansi lembani dzina lake pa fomu ya wodzalandira. Kenako itanani makolo ake ndi mwini mbumba, muwauze muli moyo, ndipo muwaonetse pamene mapepalawo akusungidwa.