Latanoprost 0.005%: amatsitsadi presha ya m'diso, vuto ndi kasungidwe

Pa ntchito yake mankhwala odontheza m'masowa ndi abwino, nyenyezi zinayi mwa zisanu. Amatsegulira njira madzi a m'diso kuti azituluka, ndipo kwa anthu ambiri a glaucoma, matenda owononga mtsempha woonera wa diso, presha imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo. Presha yabwinobwino imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Koma asakunamizeni munthu: kuona kumene kunatayika sikubwerera, mankhwalawa amangoteteza kotsalako.

Dontho ndi limodzi basi, madzulo, kamodzi pa tsiku. Kudontheza kawiri sikuwonjezera mphamvu, m'malo mwake kumaichepetsa. Mukaiwala, dikirani madzulo otsatira. Kokerani chikope cham'munsi pansi, donthezani osakhudzitsa kamwa ya botolo ku diso, tsinzinani, kenaka dinikizani ngodya ya diso yakumphuno kwa mphindi imodzi. Ambiri amalumpha pamenepa, mankhwala n'kutsikira kukhosi. Ngati muli ndi ena odontheza m'maso monga timolol, siyanitsani ndi mphindi 5.

Nyenyezi yachisanu yapita chifukwa cha kutentha. Kabotolo ka 2.5 ml kosatsegula kamafuna firiji, madigiri 2 mpaka 8, osati kouma madzi oundana. Kakatsegulidwa kasapitirire madigiri 25, ndipo pakatha milungu 4 katayeni ngakhale muli zotsala. Kuno ku Johannesburg magetsi akathima maola ochepa, ingosiyani firiji yotseka. Choopsa ndi chizolowezi chotumizira makolo kumudzi pa basi, botolo lili m'chikwama pansi pa katundu, kudutsa Beitbridge ndi Tete dzuwa lili phwee. Likafika limaoneka bwinobwino, koma mphamvu yake ndani angaitsimikize? Komanso ku famase amafuna kalata ya dokotala.

Maso amafiira masiku oyamba, nsidze zimatalika, khungu lozungulira diso limatha kuda. Zimaonekera kwambiri kwa amene akudontheza diso limodzi.

Chimene botolo silingachite ndi ichi. Mtsempha woonera wa diso umadalira magazi, ndipo magaziwo amalowa molimbana ndi presha ya m'diso. BP ikatsika kwambiri, makamaka usiku munthu ali mtulo, mtsempha umaperewedwa chakudya ngakhale presha ya m'diso ili 15. Kafukufuku wa ku Barbados, pakati pa anthu akuda ngati ife, anapeza kuti kuchepa kwa mphamvu yolowetsa magazi m'diso kumayendera limodzi ndi glaucoma. N'chifukwa chake amene amamwa mapiritsi a BP pogona auze dokotala wa maso, koma asasinthe nthawi mwa okha.

Diso silimva kuwawa presha ikamakwera pang'onopang'ono, choncho umboni woti mankhwala akugwira ndi kuyezetsa. Ku St John Eye Hospital ku Soweto, kapena kwa dokotala wa maso aliyense, pemphani kuti nambala ya diso lililonse ailembe m'kabuku kanu pamodzi ndi ola limene ayezera, pakuti presha imasintha m'mawa ndi madzulo.