Nyenyezi zitatu mwa zisanu: chaka chimodzi pa sukulu ya charter ku Washington

Mwana wanga wamaliza giredi 2 pa sukulu ina ya charter kuno ku Washington, DC, ndiye ndati ndiwatsine khutu makolo anzanga amene angofika kumene. Dzinalo lisakuopseni, si ya pulaiveti ndipo fizi kulibe. Ndalama zimachokera ku boma la mzinda ngati mmene zilili ndi sukulu za DCPS (sukulu zaboma wamba, zoyendetsedwa ndi mzinda), kungoti ya charter ili ndi bungwe lakelake loiyendetsa. Za charter zinayamba kuno mu 1996, ndipo lero pafupifupi theka la ana ophunzira ulere mumzinda muno ali m'sukulu zoterezi.

Malo tinawapeza pa lotale ya My School DC. Umasankha sukulu mpaka 12, zotsatira zimatuluka kumapeto kwa Malichi. Ife tinapatsidwa yachinayi pa mndandanda wathu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndalama imatsata mwana. Ana amawerengedwa kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo sukulu imalandira molingana ndi mitu imene yawerengedwayo. Ndiye muone chikondi chake mu Ogasiti ndi Seputembala! Foni tsiku ndi tsiku, malaya aulere, ahedi kutilonjera pageti ngati alamu awo. Okutobala atadutsa, uthenga wanga unkatha sabata osayankhidwa.

Pa maphunziro sindinganame, mwanayu wasintha. Anabwera akuwerenga mogwiragwira, pano amamaliza kabuku yekha n'kundifotokozera. Amaweruka mochedwerako, zimene zimandithandiza ine wogwira ntchito ya mashifiti. Mwambo ulipo, mwinanso wapyola: tsiku lina anamudula mapointi chifukwa cha mtundu wa sokosi.

Chandiwawa ndi aphunzitsi. Amene mwana anawakonda anachoka mu Januwale, ndipo pofika Juni anali atadutsa m'manja mwa anthu atatu. Mtunda nawonso ndi nkhani. Khadi la Kids Ride Free limalipira basi ndi sitima, koma mwana wa zaka 7 sungamusiye yekha pa Metro, choncho ndimataya maola awiri tsiku lililonse.

Pakadali pano sukulu ya DCPS ya m'dera lathu, imene ndinaithawa chifukwa cha zokamba za anthu, ili pamtunda wa mphindi zisanu wapansi. Iyo ilibe kukana: mwana wa m'deralo, kuyambira kindergarten (kalasi ya ana a zaka 5), imamulandira ngakhale pakati pa chaka. Nayonso yadzuka, yayamba kugawa timapepala pakhomo ndi kuitana makolo kuti akaone makalasi. Mwana wa aneba amapita kumeneko ndipo amawerenga bwino ngati wangayu, mphunzitsi wake ndi yemweyo chiyambire chaka.

Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa cha aphunzitsi osakhazikika ndi mafoni osayankhidwa aja. Malo a chaka chamawa tawasunga, koma Lachinayi likudzali ndikukaonana ndi ahedi a sukulu yapafupiyo.