Madola 2,000 a makina otenthetsa nyumba ku America: mmene zinakhalira

Abale anga kumudziko, nkhani ya makina otenthetsa nyumba yafika kwanuko itapotoka. Ena akuti boma la America limagawa ndalama zogulira makinawa, moti achimwene anga anandiimbira foni n'kunena kuti, "Zaulere zimenezo tigaireniko." Ndiye ndati ndilongosole mmene zinatichitikira.

Ife tili ku South Bend m'boma la Indiana, kufupi ndi nyanja ya Michigan. Mu January kuno kumazizira moti nyumba ikapanda kutenthetsedwa, madzi amaundana m'mapaipi mpaka mapaipiwo kuphulika. Nyumba zambiri zili ndi chipinda chapansi, ndipo m'menemo mumakhala furnace, chimbaula choyendera gasi chimene chimapopera mpweya wotentha m'zipinda zonse. Ikafika July zinthu zimatembenuka: kutentha kwa chinyontho, thukuta ngakhale usiku, ndiye pamafunikanso makina oziziritsa.

Furnace yathu inali yakalekale, tinaipeza m'nyumbamo pogula. Kumapeto kwa 2024 inayamba kumangozima yokha. Mmisiri atabwera anatsegula chitseko chake, n'kuwalitsa tochi mkatimo, n'kundionetsa mng'alu waung'ono pachitsulo chimene moto umatenthetsa. Anati pamenepo ndi pamene pamatulukira mpweya wapoizoni uja wosanunkha, wopha anthu ali m'tulo. Anatseka gasi nthawi yomweyo. Usiku umenewo tinagona titavala majekete.

Mmisiri yemweyo ndi amene anatiuza za heat pump. Ndi chibokosi chokhala ndi fani chimene chimaikidwa panja, ndipo chimagwira ntchito ngati furiji: sichiyatsa moto ayi, chimangosamutsa kutentha. Nthawi yozizira chimakoka kutentha kumene kuli mumpweya wapanja n'kukulowetsa m'nyumba, nthawi yotentha chimatulutsa kwa m'nyumba kupita panja. Kukazizira koopsa mphamvu zake zimachepa, choncho ambiri kuno amaikanso furnace yagasi yoti izithandizira. Ifenso tinatero.

Tsono boma limalowa pati? Mu August 2022 pulezidenti Joe Biden anasainira lamulo lotchedwa Inflation Reduction Act. Kuyambira January 2023, munthu woika makina osawononga magetsi kapena gasi m'nyumba imene akukhalamo ankachotseredwa pa msonkho wake 30 peresenti ya mtengo wa makinawo pamodzi ndi malipiro a mmisiri. Koma panali malire. Pa heat pump sankapitirira madola 2,000 pachaka, pa furnace kapena makina oziziritsa okha madola 600, pa mawindo 600, ndipo pa katswiri wodzayeza pamene nyumba ikutayira kutentha 150. Si makina alionse ankalowa, koma okhawo ofika pa mlingo umene lamulo linaika.

Kuti mumvetse, msonkho wakuno sufanana ndi wakwathu. Kwathu abwana akadula PAYE nkhani imathera pompo kwa ambiri ogwira ntchito. Kuno amadulanso pa malipiro alionse, koma chaka chikatha anthu ambiri amalemba mafomu opita ku IRS, ofesi yamisonkho, isanadutse April 15. Pamenepo m'pamene amawerengera ngati unadulidwa zambiri kapena zochepa. Za makinawa zinkalembedwa pa fomu 5695. Ndiye kuti ndalama yonse umayamba watulutsa wekha, kapena kutenga ngongole monga tinachitira ife, n'kudikira miyezi ingapo.

Pali china chimene ogulitsa sankachitchula msanga. Boma silinkapereka ndalama yamanja, linkangochepetsa msonkho umene munthu akuyenera kulipira. Ngati msonkho wako wa chaka chonse unali madola 700, unkachotseredwa 700 yomweyo basi. Yotsalayo sinkabwera, ndipo sunkaloledwa kuisungira chaka chotsatira.

Apa ine m'pamene ndinaona kuti thandizoli linkakomera amene ali nazo kale. Amalawi anzathu ambiri kuno amagwira ntchito yosamalira okalamba, malipiro ake ndi a pa ola, ndipo amakhala m'nyumba zalendi. Ndani angawononge madola masauzande kukonza nyumba ya munthu wina? Mwininyumba nayenso sankachotseredwa kanthu pa nyumba imene sakukhalamo, ndiye ankangosiya makina akalewo, wolipira bilu yagasi n'kukhala walendi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu amamata mapulasitiki m'mawindo chaka ndi chaka kuti mphepo isalowe. Lamuloli iye silinamukhudze n'pang'ono pomwe.

Ndinaonanso kuti ena mwa ogulitsa ankatchula mtengo atachotseratu madola 2,000 aja, ngati kuti ali kale m'thumba mwako. Wina ndinachita kumuuza kuti, "Bambo, ndiuzeni ndalama imene ndikulipireni inuyo lero, za boma tidzaona." Mtengo weniweni unali wokwera kuposa wa anzake.

Kodi tapindula? Pang'ono. Nthawi yozizira bilu yagasi yatsika koma yamagetsi yakwera, moti kusiyana kwake si kwakukulu. Nthawi yotentha ndiye timaona phindu, chifukwa choziziritsa chakale chija chinkadya magetsi kwabasi. Madola 2,000 aja anabwera pamodzi ndi ndalama zina zobwezedwa pa msonkho, ndipo anangodutsira kubanki kukachepetsa ngongole ya makinawo.

Panopa mwayiwu unatha. Pa July 4, 2025 pulezidenti Donald Trump anasainira lamulo lina la misonkho limene linauthetsa, pomwe poyamba unkayenera kufika mpaka 2032. Makina oikidwa December 31, 2025 itadutsa salowanso. Amene anaika chaka cha 2025 chisanathe akhoza kulemba pa fomu ija, bola asunge malisiti ndi nambala yozindikiritsa kampani imene inapanga makinawo, chifukwa ya chaka chimenecho amaifuna.