Oval ndi ellipse: mawu awiriwa si amodzi

Ana ambiri a sekondale kuno ku Salima amasokoneza mawu awiri a Chingerezi, oval ndi ellipse, ndipo zimandidetsa nkhawa chifukwa kusiyana kwake n'kosavuta.

Oval ndi liwu la tsiku ndi tsiku, lochokera ku liwu la Chilatini lakuti ovum, dzira. Chilichonse chobulungira koma chotalikirako chimalowa m'menemu: dzira la nkhuku, nkhope ya munthu, ngakhale Oval Office ya pulezidenti wa America. Palibe angakufunseni muyezo.

Ellipse ndi liwu la masamu, lili ndi lamulo lake. Taonani kalipentala wa pa Kamuzu Road akamajambula pamwamba pa tebulo: amakhoma misomali iwiri pathabwa, n'kumangirirapo chingwe cholendewera, kenako n'kuchikunga ndi pensulo akuzungulira. Mtunda wochokera papensulo kukafika pamsomali uliwonse, mukauphatikiza, susintha. Chojambulidwacho ndiye ellipse, ndipo nsonga zake zonse ziwiri zimafanana ndendende. Dzira limasongoka kumodzi, choncho ndi oval koma si ellipse.

Mu 1609 katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anasonyeza kuti pulaneti ya Mars imayenda njira ya ellipse pozungulira dzuwa. Pofotokoza zimenezi m'kalasi, oval sakwanira, lembani ellipse.