Buku la mbiri ya Matisse: zithunzi zatuluka bwino, koma kumapeto alemba mothamanga

Ndikuphunzira kujambula ndi utoto, ndiye ndinagula bukuli pofuna kumvetsa chimene chinachititsa wojambula wa ku France Henri Matisse kupaka mzere wobiriwira pakati pa nkhope pa chithunzi cha mkazi wake, Amélie. Ndaliwerenga lonse ndipo yankho ndalipeza.

Za ubwana wake sanatalikitse: anabadwa mu 1869 ku Le Cateau-Cambrésis, kumpoto kwa France, anaphunzira zamalamulo, n'kudzayamba kujambula akuchira matenda, mayi ake atamupatsa bokosi la utoto. Pokoma penipeni ndi pofika mu 1905, pomwe iye ndi wojambula mnzake André Derain anakakhala ku Collioure m'mphepete mwa nyanja. Kumeneko analeka kufunsa kuti mtengo ndi wamtundu wanji, n'kuyamba kufunsa kuti munthu ukauona pa dzuwa lotere umamva bwanji mumtima. Mthunzi ukhoza kukhala wobiriwira, mchenga wofiira. Chaka chomwecho, zithunzi zawo zitaonetsedwa pa chionetsero cha zithunzi cha Salon d'Automne ku Paris, mtolankhani Louis Vauxcelles anawatcha zilombo. Komabe chithunzi cha Amélie atavala chipewa, chimene anthu ambiri anachiseka, a Leo ndi Gertrude Stein, osonkhanitsa zithunzi ochokera ku America, anachigula. Wolemba wasonyeza bwino kuti sikunali kupaka chisawawa: chofiira amachiika pafupi ndi chobiriwira mwadala kuti ziwirizo ziwalitsane.

Buku lonena za utoto likasindikizidwa mozimiririka ndiye kuti latha ntchito, koma ili ayi. Mapepala ake ndi ochindikala, saonekera kuseri, ndipo pazithunzi zina umaona ndithu modutsa burashi. Chodandaulitsa n'chakuti zithunzi zingapo zikuluzikulu anaziyala pamasamba awiri, moti pakati pake pamabisika posokera bukulo. Zilembo za mawu ofotokoza zithunzi nazo n'zazing'ono kwambiri.

Chandiwawa kwambiri ndi zaka zake zomaliza. Atachitidwa opaleshoni mu 1941, Matisse sankathanso kuimirira nthawi yaitali, choncho ankadula ndi sizasi mapepala opakidwa kale utoto n'kumawasanja pakhoma. Nkhani yaikulu chonchi aipatsa masamba ochepa, ndipo mawindo amene iye anakonzera tchalitchi cha ku Vence, chimene chinatsegulidwa mu 1951, ali pa kachithunzi kamodzi kokha.

Amene mukuyamba kumene kusakaniza utoto, ligulenitu. Koma ngati mukufuna za ntchito yake ya mapepala odulawo mpaka imfa yake ku Nice mu 1954, mudzafunika kupezanso buku lina.